Za Namwino Wotsazika Kupita Kutsidya la Nyanja

Mwezi uno tifuna kukamba nanu nkhani imene yalowa m'nyumba zambiri, ngakhale anthu saikamba poyera. Ndiyo nkhani ya mwana wathu namwino, amene tinamphunzitsa ndi ndalama za fodya ndi za mtedza, amene watitumikira pa chipatala zaka zingapo, ndipo tsopano wapeza nchito ku dziko lakutali, kutsidya la nyanja. Ena pakumva mbiri yotere aomba m'manja, ati banja lija lalemera. Ena apukusa mutu, ati mwana uja wataya odwala a kwao chifukwa cha ndalama. Ife sitiweruza mlandu umenewo, pakuti za kupita kapena kutsala mwini wake ndiye adziwa. Mau athu ndi awa: iye amene watsimikiza mtima kupita atsazike bwino, ndipo ife otsala timperekeze bwino. Kutsazika ndi pangano lomanga wopita pamodzi ndi otsala, ndipo ulendo wosowa pangano limeneli ndiwo ubala mchona.

Chifukwa chake anamwino achoka

Ulendo wa anamwino sunayambe lero. Dziko la Britain linakhazikitsa zipatala zake za boma, dzina lake NHS, m'chaka cha 1948, ndipo chiyambire pamenepo lakhala likuitana anamwino a maiko ena: a ku Ireland, a ku zilumba za Caribbean, pambuyo pake a ku India ndi a ku Philippines, ndiponso a kuno ku Africa. Kwathu kuno msamuko waukulu unaoneka pakati pa 2000 ndi 2005. Pa zaka zina za nyengo imeneyo anamwino pafupifupi 100 chaka chimodzi anali kupempha makalata a umboni kuti akagwire nchito kunja, ndipo ambiri a iwo analunjika ku Britain. Akuluakulu a pakati panu akumbukira masiku amenewo. Matenda a Edzi anadzaza mawodi, odwala ena ali gone pansi pa mabedi a anzao, ndipo namwino mmodzi anali kuchezera usiku wonse ndi odwala makumi angapo, malipiro ake osafika kumapeto kwa mwezi.

Boma, poona kuti zipatala zitsala zopanda manja, linakonza m'chaka cha 2004 dongosolo la zaka 6, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi thumba la Global Fund. Kuyambira 2005 malipiro a anamwino, madokotala ndi anzao ena anaonjezedwa ndi 52 pa 100 pali ponse, ndipo masukulu a unamwino anayamba kulandira ophunzira ambiri. M'chaka cha 2006 dziko la Britain nalonso linachotsa anamwino wamba pa mndandanda wa nchito zosowa anthu, khomo nilichepa. Zitatero, chiwerengero cha opita chinatsika ndithu. Apa tiphunzirapo kanthu: namwino sachoka chifukwa chodana ndi kwao. Akapeza chokwanira kudyetsa ana ake, kawirikawiri akhala.

Koma mphepo inatembenukanso. M'chaka cha 2020 boma la Britain linatsegula chiphaso chapadera cha anchito a zaumoyo. Kuno ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 pa 100 m'mwezi wa Meyi 2022, nigwanso ndi 44 pa 100 m'mwezi wa Novembala 2023, ndipo malipiro amene dzana anali kugula matumba angapo a feteleza analephera kugula ngakhale theka lake. Palinso chodabwitsa china: pamene zipatala zilira kuchepa kwa anamwino, anyamata ndi asungwana ambiri otsiriza maphunziro akhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe nchito, chifukwa cha kuchepa kwa ndalama za malipiro. Tsono munthu wotere akamva kuti kwina amfuna, ndani adzamdzudzula ngati achera khutu?

Maiko a dziko lapansi anaona kuti nkhani iyi iri ndi mbali ziwiri. M'mwezi wa Meyi 2010, pa msonkhano wa bungwe la WHO, anagwirizana kuti maiko olemera asamakokolole anchito a zaumoyo m'maiko osowa, koma anabvomerezanso kuti munthu ali yense ali ndi ufulu wopita kumene afuna. Pa mndandanda wa 2023 wa maiko 55 osowa kwambiri anchito a zaumoyo panali Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Ndicho chifukwa chake zipatala za ku Britain zinaletsedwa kudza kuno kudzakopa anamwino. Koma namwino wopempha nchito yekha, mwa kufuna kwake, analoledwa.

Ulendo wotere sukonzeka usiku umodzi

Nkwabwino kuti makolo adziwe njira imene mwana wao apitamo, kuti angayese kuti munthu angodzuka ndi kukwera ndege. Namwino wofuna nchito ku Britain ayenera kupambana mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET, ndipo ambiri salowa ulendo woyamba. Ayenera kulemba mayeso ena a unamwino pa kompyuta. Bungwe lao la kuno, la Nurses and Midwives Council of Malawi, liyenera kuchitira umboni kuti iye ndi namwino weniweni wopanda mlandu. Pafunikanso kalata ya kupolisi, kupimidwa chifuwa chachikulu, ndi kalata ya chipatala chimene chamlemba nchito, ndipo pamenepo ndipo apempha viza. Atafika, amdikira mayeso ena otsiriza, a OSCE, m'mene aonetsa ndi manja ake pamaso pa oyesa kuti nchito aidziwa. Kufikira atapambana mayeso amenewo, salandira malipiro a namwino wathunthu. Zonsezi zidya miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka, ndiponso ndalama zosachepa.

Pa njira imeneyi pali afisi. Pali anthu amene alonjeza nchito ya kunja, nauza banja kuti ligulitse ng'ombe kapena munda kuti ligule malo. Dziwani kuti lamulo la ku Britain liletsa ofunira anthu nchito kulipiritsa munthu chifukwa chompezera nchito. Dziwaninso kuti nchito ya namwino ndi nchito yosamala okalamba m'nyumba zao ndi makomo awiri osiyana. Kuyambira Malichi 2024 olowa pa khomo lachiwirili analetsedwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo m'mwezi wa Julayi 2025 khomolo linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja. Malamulo otere asintha kawirikawiri, chotero munthu awerenge yekha pangano lake mzere ndi mzere, makamaka pamene panena za ndalama zimene adzabweza ngati asiya nchito nthawi isanakwane. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tanena za kutalika kwa njira iyi chifukwa cha chinthu chimodzi. Munthu amene wakhala miyezi khumi akukonza ulendo sangathe kunena kuti nthawi yotsazika inamthera. Tidziwa kuti ambiri abisa ulendo wao poopa nsanje, ena poopa kulodzedwa, ena poopa manyazi ngati viza ikanika. Sitinena kuti muimbe ng'oma m'mudzi monse chinthu chisanapse. Koma alipo anthu amene moyo wao watsamira pa inu, ndipo amenewo si bwino kuti amve za ulendo wanu kwa anthu a pamsika, inu muli kale m'mitambo.

Kutsazika pa chipatala

Oyamba kutsazikidwa ndi a pa nchito. Lamulo la nchito la dziko lino, la chaka cha 2000, linena kuti wolandira malipiro pamwezi achenjeze mwezi umodzi asanaleke, ndipo ngati pangano lake linena nthawi yoposa pamenepo, atsate pangano. Anamwino ambiri anaphunzira ndi chithandizo cha boma kapena cha mishoni, nasaina kuti adzatumikira zaka zakuti. Imeneyo ndi ngongole, ndipo munthu woona aitsiriza, kapena akhala pansi ndi eni ake nagwirizana za kabwezedwe kake.

Pali mchitidwe wina umene tiudandaula. Namwino apempha tchuthi cha pachaka, anzake namuyesa kuti wapita kukaona makolo, ndipo tsiku lobwerera litakwana saoneka. Iye ayesa kuti wapewa mikangano, koma taonani chimene atsalira nacho anzake. Dzina lake likali m'buku, chotero akulu a chipatala sangapemphe wina wolowa m'malo mwake kufikira nkhani itaweruzidwa. Ndandanda ya mwezi inalembedwa kale, ndipo usiku umene unali wake ugwera mnzake amene wachezera kale dzulo. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, pamene azamba alipo awiri, kusowa kwa mmodzi ndiko kunena kuti wotsalayo sagonanso, ndipo mzamba wotopa ndiye aphonya mai amene akutaya magazi. Ululu wa kuzemba kotere sufika kwa akulu a ku likulu. Augwira ndi mai wa m'chidikiro.

Tsono namwino wabwino alemba kalata yake pa nthawi, naipereka yekha m'manja mwa a matroni. Mwezi wotsirizawo agwira nchito monga mwezi woyamba. Awerengera pamodzi ndi womlowa m'malo mankhwala a m'kabati, napereka makiyi pamaso pa mboni. Atsiriza kulemba mabuku onse a m'wodi. Koposa zonse atula nzeru zimene sizinalembedwe pali ponse: mpopi uti uvuta madzi akachepa, makina ati afuna kuwanyengerera, mudzi uti sufikika mvula ikagwa, mfumu iti ithandiza msanga pofuna ngolo yonyamula wodwala, mwana uti wa kusikelo abwera ndi agogo osamva bwino. Zaka zimene anakhala pamalopo zinampatsa chuma chimenechi kwaulere, ndipo ku England sichidzamthandiza kanthu. Achisiye kwa wamng'ono amene atsala.

Odwala nawonso ayenera kutsazikidwa. Alipo amene abwera mwezi ndi mwezi kudzalandira mankhwala otalikitsa moyo, a chifuwa chachikulu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi. Ena a iwo anaulula kwa namwino ameneyu zinsinsi zimene sanauze ngakhale mbale wao. Munthu wotere akafika pa zenera napeza nkhope yachilendo, mwina abwerera osalandira kanthu, ndipo mwezi wamawa sabweranso. Mau ochepa akwanira kumsunga: kumuuza kuti mwezi wamawa adzapeza uje, kumtengera kwa iye ndi kuwadziwanitsa, ndi kumtsimikizira kuti chinsinsi chake chiri chosungika. Ndipo asaiwalike aja amene dziko siliwawerengera: okolopa m'wodi, ochapa nsalu, alonda a pachipata, woyendetsa ambulansi. Anagwira nao mitembo usiku, anathamanga nao ndi machira. Kuwapita pambali tsiku lotsiriza ndiko kunena kuti sanali anthu. Paja akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kwa akulu a zipatala tinenanso mau amodzi. Kuwawa mtima potaya wanchito wabwino nkwachibadwa, koma musamane munthu kalata ya umboni imene aiyenera, kapena kumchedwetsa dala. Kuuma mtima kotere ndiko kuphunzitsa otsalawo kuti nawonso adzazembe. Namwino woperekezedwa ndi ulemu akumbukira chipatala chake, ndipo tsiku lina adzagogodanso pa khomo lomwelo.

Kutsazika pa banja

Kutsazika kwa pakhomo ndiko kovuta koposa, ndipo sikutha ndi phwando la nkhuku ndi thobwa. Pafunika kukhala pansi, masiku akalipo, ndi kukamba zinthu zimene pakamwa pachita nazo manyazi.

Choyamba ndi ukwati. Ngati wopitayo ali pabanja, mwamuna kapena mkazi wake ndiye woyamba kudziwa, kuyambira tsiku lolembetsa mayeso. Agwirizane poyera ngati mnzakeyo adzatsata, ndi liti, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri amve pangano limenelo. Ukwati wodalitsidwa sutha chifukwa cha kutalika kwa mtunda, koma uzirala monga moto wosasonkhezera. Mwamuna wotsala ayenera kukonzeka mtima kuti mkazi wake adzapata zoposa iye, ndipo zimenezo zisamchititse nsanje kapena ulesi. Munda ndi ana zikali m'manja mwake.

Chachiwiri ndi ana. Kawirikawiri namwino atsogola yekha, ana natsala ndi agogo kapena ndi mai wamng'ono kufikira iye atakhazikika. Pamenepa pasakhale zongoganizirana. Atchulidwe munthu mmodzi amene adzayankha za mwana ali yense: wopita naye kuchipatala, wokaonana ndi aphunzitsi, womlangiza akafika pa msinkhu. Malume, mwini mbumba, akhalepo pa upo umenewo. Ndipo anawo auzidwe zoona monga mwa msinkhu wao. Kunamiza mwana kuti amai apita ku Lilongwe, abwera mawa, ndi kuchoka iye ali m'tulo, kupulumutsa akulu ku misozi ya tsiku limodzi, koma kusiya mwana akuyang'ana kunjira miyezi yambiri, ndipo pambuyo pake sakhulupiriranso mau a munthu wamkulu. Kuli bwino alire pa miyendo ya amake, atamva kuti apita kutali, kuti adzalankhula naye pa lamya tsiku lakuti sabata ndi sabata, ndi kuti sanamtaye.

Chachitatu ndi makolo okalamba. Tinene mosabisa: wopita kutsidya la nyanja sangathe kufika pa maliro ali onse. Mtengo wa ndege ndi waukulu, ndipo tchuthi sichipezeka tsiku limene munthu achifuna. Nkutheka kuti dzanja limene aligwira potsazika saligwiranso. Chotero ngati pali mangawa, pali mau opweteka amene ananenedwa kale, pali mkangano wa malire a munda, zithe tsopano. Mwana apepese, kholo likhululuke, ndipo onse awiri anene zimene mitima yao yasunga. Ambiri alira ku dziko la eni chifukwa cha mau amene anati adzanena pobwera.

Chachinai ndi ndalama, zimene zapasula mabanja ambiri kuposa mtunda. Banja ligwirizane chimene chidzayamba: kubweza ngongole ya ulendo, fizi ya ana, mankhwala a agogo, ndipo nyumba ya malata pambuyo. Asankhidwe munthu mmodzi wokhulupirika wolandira ndi kulemba zonse m'kabuku. Nkhani yomvetsa chisoni imene ibwerezeka m'maiko onse otumiza ana ao kunja ndi ya munthu wotumiza ndalama za nyumba zaka zambiri, nabwera kudzapeza maziko okha atamera udzu. Kulemba sikuchotsa chibale, kuchiteteza.

Mau kwa ife otsala

Pangano liri ndi mbali ziwiri, ndipo yathu ndi iyi. Tisayese kuti mwana wathu wapita kumene ndalama zimera pa mitengo. Inde, malipiro ake akasinthidwa kukhala makwacha aoneka ngati phiri. Koma iye sakhala m'dziko la makwacha. Boma la kumeneko litapako msonkho ndalama zisanafike m'manja mwake. Chipinda chimodzi chogona chidya gawo lalikulu la zotsala. Ndipo m'nyengo yozizira ayenera kugula ngakhale kutentha kwa m'nyumba, kumene ife tikupeza ndi nkhuni za kudimba. M'mwezi wa Disembala dzuwa lilowa ku London nthawi ya 4 koloko madzulo isanakwane. Zipatala zambiri zigwiritsa nchito ya maola 12, ndipo kumeneko kulibe abale ogona pambali pa wodwala, omphikira ndi kumsambitsa monga tichita kuno; zonsezo ziri pa anchito a m'wodi. Poweruka afika m'chipinda mopanda womlonjera. Walira mvula walira matope, ndipo matope a namwino wa kunja ndiwo kusungulumwa.

Tsono lamya yathu isamalire pokhapokha feteleza akafunika. Timuimbire kumuuza kuti mvula yagwa, kuti mbuzi ija yaswa, kuti mwana wake wawerenga bwino m'kalasi. Tisamuunjikire zopempha za mudzi wonse m'chaka choyamba, pamene iye akali kubweza ngongole ndi kulimbana ndi mayeso. Akatiuza kuti mwezi uno palibe, timkhulupirire. Machona ambiri sanataye kwao chifukwa cha kuipa mtima. Anachita manyazi kubwera chimanjamanja kwa anthu amene anali kuyembekeza zambiri, ndipo chaka chinatsata chaka kufikira njira inamera.

Bvuto la machona dziko lino lilidziwa bwino. Komiti ya boma ya chaka cha 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a dziko lino anali kunja, m'migodi ya ku Johannesburg ndi m'minda ya ku Southern Rhodesia, ndipo ambiri a iwo sanamvekenso. Midzi inatsala ndi akazi osadziwa ngati ali okwatiwa kapena amasiye. Agogo athu anali ndi chowiringula, pakuti kalata inali kuyenda milungu, ndipo ambiri sanadziwe kulemba. Ife tiri ndi lamya m'thumba. Mchona wa masiku ano alibe pobisala, ndipo banja lomchititsa kuchona lilibenso.

Ena anatsazika kwao kuti adze kuno

Iwo amene afulumira kutemberera namwino wopita akumbukire chiyambi cha zipatala zathu zambiri. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo a White Fathers anakhazikika ku Mua m'chaka cha 1902. Pambuyo pao anadza masisitere, amene anatsuka zilonda, nasamala akhate, nathandiza amai pobereka, ndipo pa nchito yao ndi ya amene anawatsata panamera zipatala monga za ku Mua, Likuni, Nguludi, Phalombe ndi Muona. Anthu amenewo analinso ana a eni. Anatsazika amai ao ku France, ku Holland, ku Canada ndi kwina, nayenda milungu yambiri pa sitima ya pamadzi, ndipo manda a ena a iwo ali pa mamishoni athu kufikira lero. Makolo ao akadawakaniza, ambiri a ife sitikadabadwira m'manja mwa mzamba.

Sitinena kuti maulendo awiriwa ndi amodzi. Aja anachoka kwa olemera kudza kwa osowa, ndipo athuwa achoka kwa osowa kupita kwa olemera. Komabe nkhalamba yodwala ya ku Manchester nayonso ndi munthu, ndipo manja amene aitembenuza pa bedi usiku achita nchito ya chifundo yomweyo. Chimene tinena kwa wopitayo ndi chakuti akumbukire mtengo umene dziko losauka linalipira kuti iye akhale namwino. Zipatala za mipingo, zimene zinayamba kugwirizana m'chaka cha 1966 m'bungwe limene lero ndi CHAM, zisenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko lino, makamaka kumidzi, ndipo masukulu ao aphunzitsa anamwino ambiri. Odwala a kumidzi ndiwo anapereka mikono yao kuti wophunzira aphunzirepo kubaya jakisoni. Ngongole yotere siilembedwa pa pepala, koma iripo.

Njira zoibwezera ziripo, ndipo siziposa mphamvu ya munthu. Wina, atakhazikika, alipira fizi ya mwana mmodzi wa m'mudzi wofuna unamwino, kuti malo amene iye anasiya adzadzazidwe. Wina pobwera kutchuthi apatula masiku awiri kukacheza pa chipatala chake chakale ndi kugawana ndi anzake zimene waphunzira. Wina asunga dzina lake m'kaundula wa anamwino a kuno, kuti khomo lobwerera likhale lotseguka. Ndipo wina, zaka zitapita, abwera ndithu, nadzaphunzitsa. Chiri chonse cha izi chiyamba pa tsiku lotsazika, pakuti munthu wochoka mozemba achita manyazi kuonekanso.

Tsiku la ulendo

Tsiku likafika, mwambo wa makolo utsatidwe. Madzulo ake banja lisonkhane, pamodzi ndi anansi ndi a mumphakati, kumpempherera wapaulendo ndi kumpatsa malangizo, wamkulu ali yense mau ake ochepa. Kamba asasowe: ufa pang'ono, mtedza wokazinga, chitenje cha amake. Koma musamlongedzere nyama kapena za mkaka, pakuti lamulo la ku Britain siliola kulowa nazo kuchokera kuno, ndipo zidzangotayidwa pa chipata. Makalata ake onse akhale m'chikwama cha m'manja, ndipo a pakhomo asunge dzina la chipatala chimene apitako, ndi la munthu mmodzi wa kwathu wokhala kumeneko amene angafunsidwe zinthu zikabvuta.

M'mawa mwake mwana agwade pamaso pa makolo ake, nanene monga anena ana a ulemu: Amai, Bambo, ndapita, tsalani bwino. Ndipo makolo amuike manja pamutu ndi kumyankha: Pita bwino, mwana wanga, ukafike. Asamuonjezere katundu wa madandaulo pa khomo. Misozi ndi yololedwa, koma mau otsiriza akhale a dalitso. Amene angathe amperekeze kufikira ku bwalo la ndege, ku Lumbadzi kapena ku Chileka. Amene sangathe amfikitse pa mseu pokwerera basi, monga tichita ndi mlendo ali yense amene timlemekeza. Ndege idzamtula kaye ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo mawa lake adzatsika m'dziko limene palibe womdziwa dzina. Chimene chidzamlimbitsa m'masiku oyambawo ndicho kudziwa kuti kumbuyo anasiya zonse m'malo mwake: odwala ali ndi wowasamala, anzake a pa nchito anamgwira chanza, ana adziwa tsiku limene adzamva mau ake, ndipo makolo anamdalitsa.

Abale athu, werengani mau awa madzulo pamodzi ndi a m'nyumba mwanu, ndipo ngati pa mudzi panu pali banja limene likukonza ulendo wotere, abwerekeni tsamba ili. Ngati pali lina limene mwana wao anapita kale mosatsazika, ndipo tsopano mbali zonse ziwiri zangoti chete, auzeni kuti nthawi siinathe. Wina ayambe kuimba lamya. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Nchito yathu ndi kusamala kuti khwawalo lisakwiririke.